Adona andiona pa kamera ndikukukuta mano kwa mwana, ndiwauze chani?

Nabanda: Asisi ndithandizeni msanga. Ndimalera kamwana ka miyezi 7 ku Avondale ku Harare, kamasaya ofufuma, dzulo nditakasambitsa kanandisekerera ine mano kukutu, ndakafinya masaya pang'ono nkuti ndikudya iwe! Basi adona aonera pa kamera, Chishona nacho kudya ndi kudya komweko ndiye amva zonse, akuti tikhale pansi Lachisanu. Mwanayu ndimamukonda ngati wobala ndekha, nanga ndikanene chani

Naphiri: Mawuwo ndiye mwalakwitsa achemwali. Kwathu wodya anthu timamudziwa kuti ndi ndani. Mwana wa eni sauzidwa choncho.

Najere (ECD, za kakulidwe ka ana aang'ono, Mbare): Zili ndi dzina izi, amati cute aggression. Oriana Aragón ndi anzake ku yunivesite ya Yale ku America analemba mu 2015 kuti chikondi chikasefukira thupi limatulutsa zooneka ngati ukali, ngati mayi wolira pa ukwati wa mwana wake koma ali wokondwa. Mu 2018 Katherine Stavropoulos ku California anayeza ubongo wa anthu akuonera zithunzi za makanda ndi tiana ta nyama, zinakhudza mbali ya ubongo yomva kukoma. Akuganiza kuti kukukuta manoko kumatsitsa mtima kuti usazunguzike, uthe kumusamala mwanayo. Ku Philippines amati gigil. Aonetseni adona pa foni.

Naphiri: A ku Yale wo akakulipirirani lendi ku Epworth? Vuto ndi mawuwo.

Make Tadala: Ine ku Borrowdale ndinaluma kaphazi ka mwana ndi milomo yokha, opanda ndi dzino lomwe, agogo ake anaona, mawa lake chikwama panja ndi ya kombi (minibasi) basi. Osakawaphunzitsa adona za sukulu, pepesani kaye, foniyo pambuyo akafunsa okha.

Nangozo: Komanso masaya osafinya ndithu, khungu la khanda silichedwa kufiira ndiye umboni ndi womwewo. Kumugwedeza ndiye ayi ayi, khosi silinalimbe, ubongo umavulala. Zikakugwirani finyani thewera kaya pilo. Koma mukamva zomwezo mwana akulira inu musanagone usiku wonse, chimenecho si chikondi, muikeni mu cot mutuluke panja kaye.

Naphiri: Pilo finyani, koma pakamwa potseka. Ndanena kale.

Make Tadala: Makamerawa akwana paliponse, kwathu kuno aika ndi kukhitchini komwe, munthu kulawa ndiwo ukuchita kuyang'ana kudenga.