MF 135 sitata ikungokukuta, ring gear yatha mano, ndithandizeni

Wakumitundu:
Akuluakulu muli bwa. Ndili ndi Massey Ferguson 135 yomwe anasiya malemu madala, ija ya injini ya Perkins masilinda atatu, ili kumudzi ku Mitundu. Ndikati ndilize sitata imangoti kwerrr osazunguza injini, tinaichotsa nkusuzumira pabowopo ndi tochi ya foni, mano a ring gear, lamba wachitsulo wa mano yemwe sitata imakola pozunguza injini, wozungulira flywheel (chigudumu cholemera chakumbuyo kwa injini), malo ena adyeka ngati chimanga chofumbwa. Kilatchi nayo yayamba kuterera ndikamakoka pulawo. Pano usiku tikumaiyimika pamtsetse mmawa nkumakankha ndi anyamata, manyazi bwanji, ndiye mvula ndi iyi yayandikira anthu anandipatsa kale ndalama zolimira. Ring ija imachoka bwanji pa flywheel? Nanga ndisinthe zonse kapena ring yokha kaye?

Sipanala_Biwi:
Achimwene ntchito yaikulu apa si ring ayi, ndi kuidula pakati thirakitalayo kuti injini isiyane ndi giyabokosi, ndiye munthu sungavutike chonchi kawiri. Mukangotsegula sinthiranitu kilatchi puleti, release bearing ija imakankha zala za kilatchi ukaponda, pilot bearing ija yaing'ono ya pakati pa flywheel, muonenso seal yakumbuyo kwa crankshaft chifukwa ikamadontha oyilo puleti yatsopanoyo iyambanso kuterera musanamalize ndi munda umodzi womwe. Chonde khomani zipika mbali zonse ziwiri pakati pa ekiselo yakutsogolo ndi chimango chake musanamasule mabauti, apo ayi injini imapendekera mbali imodzi nkugwa, ndipo chitireni pa simenti osati padothi jeke amamira.

Ring yakaleyo booleni ndi dirilo pakati pa mano awiri mumenye tchizulo, ithetheka yokha. Koma musanaichotse yang'anani mbali yomwe mano ake anasongoledwa, yatsopano ilowe chimodzimodzi. Ilibe bauti, imagwira ndi kuthina basi. Muitenthe mozungulira mofanana, makala a pambaula amakwana, cha m'ma 200 digiri, isafiire ayi ikafiira chitsulo chafewa mano adzatha msanga. Flywheel ikhale pamthunzi yozizira, mukaiponyapo imangokhala yokha phaa, muisiye izizire yokha osathira madzi.

Mbewa zowamba:
Koma bwana sipeya masiku ano ndi nkhani ya forex ija mitengo ikuluma. Ife ku Nsundwe tinangoitentha ring yomweyo nkuisuntha pang'ono. Injini ya masilinda atatu ikazima imakonda kuyima malo atatu omwewo ndiye mano amatha pomwepo pokha, kwinako amakhala abwinobwino. Yathu ikulirabe mpaka lero kkkk

Sipanala_Biwi:
Zimatheka inde ndinachitapo, koma ngati mano angophwanyika kukamwa kokha. Awa akuti adyeka ngati ofumbwa, sitata ikafika pamenepo idzalumpha basi. Komanso muone kagiya ka sitata, bendix, kakakhala kotha kadyanso ring yatsopanoyo, batire yofooka nayo imapangitsa zomwezi.

Nachisale wa ku Kawale:
Ine si makaniko koma yathu tinakonzetsa chaka chatha ndipo tinalira nayo. Zambiri za 135 zili ndi kilatchi ya masitepe awiri, ukaponda theka imamasula magiya ukapondetsa pansi imamasulanso PTO, shafiti yakumbuyo ija yoyendetsa zipangizo, ndiye mapuleti ndi awiri. Mnyamata wathu anagula imodzi, pomanga anangoyerekeza ndi maso opanda chitsulo cholunjikitsira mapuleti, shafiti kukana kulowa iye nkumakoka ndi mabauti mpaka puleti kupindika, ndalama kulowa mmadzi. Pokagula nyamulani zakalezo m'thumba mukayerekeze pakauntala, muwerenge mano a ring ndi mizere ya pakati pa puleti, ogulitsa ena amangoti "ndi yomweyo mayi" chonsecho ndi ya thirakitala ina.

Wakumitundu:
Zikomo nonse, mayi Nachisale za mapuleti awirizo sindimadziwa nkomwe. Loweruka tiidula, Lolemba ndikwera minibasi ndi flywheel yomwe ndizungulire ku Biwi ndi ku Malangalanga. A Sipanala nanga zala zija za pressure plate, chitsulo chofinya mapuleti a kilatchi, mumaziseta bwanji, kapena ndingobwera nayo konko?