"Mvula ikakuona litsiro sikata": tanthauzo lake nchiyani?

NaPhiri, Chawama: Akuluakulu, ndithandizeni. Mwambiwu ukumveka kwambiri pamzere wolandirira ma ARV, makamaka kwa amene ntchito yawathera, banja lagwedezeka, kenako zotsatira za magazi nazo zabwera zoipa. Kodi "kukata" apa ndi kudula? Nanga litsirolo ndi tchimo? Ena akuumva ngati chiweruzo.

A Tembo, Matero: Amai, kukata apa ndi kuleka kugwa. Kumudzi amati "mvula yakata, tiyeni kumunda." Mwambiwu umanena za mavuto otsatizana: munthu akagwa m'limodzi, ena amamulondola. Litsirolo ndi vuto loyamba lija, si tchimo ayi. Ndi mawu omvera munthu chisoni, ndipo wounena pofuna kunyoza wodwala waupotoza.

Amai Banda, Chilenje: A Tembo alongosola bwino, koma wodwala akamaunena yekha mobwerezabwereza, tcherani khutu. Kawirikawiri kumbuyo kwake kumakhala matenda ovutika maganizo, amene amagwira anthu okhala ndi kachilombo ka HIV kuposa anthu ena. Chisoni cha masiku ochepa munthu atangomva zotsatira nchachibadwa. Matenda timawaganizira pamene kwa masabata awiri kapena kuposerapo munthu wakhala wosweka mtima pafupifupi tsiku lililonse, zomwe ankakonda sizikumukomeranso, tulo tasokonekera, chakudya sichikulowa, akudziona wopanda pake.

Kutsatizanako kuli ndi njira yake yodziwika. Wovutika maganizo amayamba kudumphitsa mapilitsi ndi kuphonya tsiku la kukiliniki. Kachilombo kamachuluka m'magazi, viral load (muyezo wa kuchuluka kwa kachilomboko) nkupitirira 1000, chitetezo nkutsika, TB kapena matenda ena nkulowa, malonda nkuima. Ena amathawira ku kachasu kuti agone, ndipo mowawo umakulitsa vutolo. Chodetsa nkhawa nchakuti amene amalandira mankhwala a miyezi 3 kapena 6 nthawi imodzi amaonana ndi anamwino mwa apo ndi apo, ndiye oyamba kuzindikira ayenera kukhala apabanja.

Pemphani anamwino kuti wodwalayo afunsidwe mafunso a PHQ-9, oyezera kukula kwa matenda ovutika maganizo. Alipo 9, malikisi ake amayambira 0 mpaka 27, ndipo kuyambira 10 pamafunika chithandizo. Ayezedwenso magazi, chifukwa kuchepa kwa magazi ndi TB nazo zimafoola thupi mofanana.

NaPhiri: Zikomo amai. Nanga ma ARV enieniwo sangakhale gwero lake?

A Zulu, Kanyama: Angathe, mlongo wanga. Efavirenz, amene ali mu TLE (piritsi limodzi lophatikiza ma ARV atatu), amadziwika pobweretsa maloto oopsa, chizungulire ndi kusintha kwa maganizo. Kuyambira 2019 bungwe la WHO limalimbikitsa dolutegravir, ndipo ambiri kuno ku Zambia ali pa TLD, piritsi lomwe muli mankhwalawa. Dolutegravir ena amawasowetsa tulo, ndiye kumwa m'mawa m'malo mwa usiku kumathandiza. Koma asasiye okha mankhwala. Akauze adokotala, iwo ndiwo asinthe.

Mankhwala a maganizo alipo, ndipo amamwedwa limodzi ndi ma ARV adokotala akaona kuti sakulimbana. Fluoxetine munthu wamkulu amayamba ndi 10 kapena 20 mg m'mawa. Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi: sabata yoyamba pamabwera mseru kapena mutu, pomwe kupeza bwino kumayamba pakatha masabata awiri mpaka anayi, mwina asanu ndi limodzi. Akachira apitirize kwa miyezi yosachepera 6, apo ayi matenda amabwerera. Amitriptyline, mankhwala enanso a maganizo, ndi woopsa akamwedwa wambiri nthawi imodzi, choncho ngati wodwala ali ndi maganizo odzipha, wachibale ndiye asunge botolo.

Si onse ofunika mapilitsi. Amene matenda sanakule amathandizidwa ndi uphungu, kaya payekha kaya pagulu: kutchula mavuto onse, kusankhapo limodzi lomwe lingatheke sabata ino, nkubweranso kudzanena momwe zayendera.

Amai Banda: Ndiwonjezere chimodzi chomwe ambiri timachiopa. Mufunseni mosapita m'mbali: "Kodi mumaganiza zodzipha?" Funsoli silimuyambitsa maganizowo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala a makoswe, a mbewu ndi zingwe, mupite naye tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, ku UTH (chipatala chachikulu cha Lusaka) kapena ku Chainama Hills, chipatala cha matenda a maganizo pamsewu wa Great East. Ngati ndi usiku ndipo mayendedwe avuta, imbani 933, nambala yaulere ya bungwe la uphungu la Lifeline ku Zambia, wina akhale naye pafupi mpaka kuche.