Njinga ya zitsulo ziwiri pamwamba: ndiwonjezere ndalama kapena ayi?

Wamtali: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapeza njinga ziwiri zofanana, koma ina ili ndi zitsulo ziwiri pamwamba pa felemu, zochokera kuhandulo kukafika pansi pa chishalo. Imeneyo ndi yokwererapo mtengo. Chitsulo chachiwiricho chili ndi ntchito, kapena n'chongokometsera? Ndine wamtali, ndipo katundu sindisiyana naye.

Sipanala: Achimwene, pa msinkhu wanuwo ntchito ilipo. Mphamvu ya felemu imachokera ku kaumbidwe kake ka ngodya zitatu. Felemu ikakula, paipi yakutsogolo yomwe mumalowa foloko imatalika, ngodya zimakhala zinayi, ndiye njinga imayamba kugwedera ikalemedwa, makamaka pamtsetse. Chitsulo chachiwiri chimamanga mpata umenewo. N'chifukwa chake a kampani yopanga njinga ya Rivendell ku America ankachiika pa mafelemu aakulu, aang'ono ayi. Kampani ya Flying Pigeon ya ku Tianjin, ku China, nayonso ili ndi njinga yotchedwa PA-06 ya zitsulo ziwiri, pomwe PA-02 ili ndi chimodzi.

MayiWaTcheni: Bambo Sipanala, sindikukutsutsani, koma nzeru imeneyo ndi ya nthawi ya mapaipi oonda. Paipi imodzi yonenepa imakana kupotokola kuposa ziwiri zoonda, ndipo mafelemu ambiri a lero ndi onenepa kale. Ine yanga inali ya ziwiri. Chinathyoka n'chiyani? Masipoko akumbuyo, kenako keliyala. Felemu ili gwa mpaka lero, yangotsamira khoma.

Sipanala: Apo mwalasa, mayi. Pa zaka zonse ndakonza njinga, yothyoka chitsulo chapamwamba sindiikumbuka. Zimang'aluka powotcherera, pafupi ndi mapedulo kapena kukhosi. Ndipo zitsulo zikakhala ziwiri, malo owotcherera awonjezekanso awiri. Wowotcherera akakhala wa manja olobodoka, mwagula mavuto.

Chamtunda: Nanga kulemera? Pokwera phiri mudzachitukwana chitsulocho!

MayiWaTcheni: Aaa, kumeneko n'kukokomeza. Paipi imodzi sifika n'kilo yomwe. Pa njinga yolemera makilo 20, itasenzanso thumba, mungamve kusiyana? Chimene chinkanditopetsa ine n'choti chitsulocho chimadya malo a botolo la madzi, komanso pakati pa ziwirizo pamabisala dzimbiri ngati simupukuta.

Chamtunda: Komatu kukongola kokha ndiye musanene. Ndavomera.

Wamtali: Ndiye ndigule kapena ndisagule? Mwandisiya pamphambano.

Sipanala: Kakwereni zonse ziwiri, mutamangirira katundu wolemera kumbuyo. Muli mkati moyenda, gwedezani handulo pang'ono. Ya chitsulo chimodzi ikamavinavina ngati ikufuna kukutayani, tengani ya ziwiriyo. Ikakhazikika, ndalama yotsalayo ikagule limu yolimba ndi masipoko onenepa. Muonenso mowotcherera, makamaka pamene chitsulo chachiwiricho chakumana ndi paipi ya chishalo.

Wamtali: Zikomo akulu. Loweruka ndikaziyesa, ngati wogulitsayo angalole kuti ndimangirirepo thumba.