Mutu wa fupa la ntchafu watha m'miyezi 6: kodi ndi TB?

Wakuchipatala cha boma:
Akuluakulu, ndikupempha nzeru. Ndili ndi mayi wa zaka 71 amene anabwera mu Malichi akumva ululu m'chiuno chakumanja. X-ray yoyamba inangoonetsa kuti mpata wa pakati pa mafupa wachepa pang'ono, koma titajambulanso mu Seputembala tinapeza mpatawo utatheratu, mutu wa fupa la ntchafu utaphwatalala ngati wasemedwa ndi nkhwangwa. Mwendo wafupika ndipo akuyendera ndodo. Satentha thupi, sanaonde, alibenso HIV. Kodi ndiwayambitse mankhwala a TB?

Wowerenga zithunzi:
Musafulumire, adokotala. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi rapidly destructive osteoarthritis, nyamakazi yowononga mfundo mwachangu, matenda amene amagwira makamaka amayi achikulire, kawirikawiri mbali imodzi. Dokotala wa ku France, Lequesne, anaika muyeso wake mu 1970: mpata ukachepa ndi mamilimita oposa 2 pachaka, kapena theka lake likatha m'chaka chimodzi, ndiye kuti nyamakaziyo si wamba. Ikani zithunzi ziwirizo pambalimbali, muyang'ane m'mphepete mwa mfundo. Nyamakazi ya ukalamba imameretsa timafupa tambiri m'mbalimo, pamene matendawa amadya fupa mwachangu moti timafupato sitipeza nthawi yomera. Avascular necrosis, kufa kwa fupa chifukwa chosowa magazi, nayo imasiyana, chifukwa mutu wa fupa umayamba kufumuka mpata ukadalipo, pomwe kwa mayi anuwa mpata ndi umene unayamba kuchepa. Pakanapezeka MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi ndi maginito, koyambirira kuja, mwina ikanaonetsa kutupa kwa m'mafuta a fupa ndi kamng'alu kopyapyala pansi pa chichereŵechere.

Dokotala wa mafupa:
Ndikugwirizana nawo, komabe kuno kwathu sindingalembe dzinali m'faelo ndisanatsimikize kuti mulibe TB kapena mafinya, pakuti TB ya m'chiuno imatha kubwera popanda kutentha thupi, ndipo chithunzi chokha sichingathetse mlanduwu. Yezani ESR ndi CRP, miyeso ya magazi yoonetsa kutupa m'thupi, kenako popani madzi a m'mfundomo ndi singano kuti apite ku GeneXpert, makina oyezera TB, ndi kukameretsa tizilombo. Muwafunsenso ngati anabayidwapo jakisoni wa steroid, mankhwala ochepetsa kutupa, m'chiunomo, chifukwa ena zimawachitikira pambuyo pa jakisoniyo. Zotsatira zikatuluka zoyera, atumizeni msanga kukaikidwa chiuno chochita kupanga. Kuchedwa kumadyetsanso chikho cha fupa la chiuno, ndipo opaleshoni imadzavuta.

Wakuchipatala cha boma:
Zikomo kwambiri, akuluakulu. ESR ndi CRP zatuluka zabwinobwino, ndipo za jakisoni akana. Madziwo tipopa Lolemba, ndipo kalata yowatumizira ndayamba kale kulemba.