Makompyuta aja ankakana intaneti, vuto lapezeka

Sabata yatha ndinafunsa za makompyuta akale a mu labu ya ophunzira kuno ku yunivesite, amene m'mawa uliwonse ankakana kutsegula masamba a pa intaneti, Chrome n'kumangonena kuti satifiketi, chiphaso chotsimikizira kuti tsambalo ndi lenileni, si yodalirika. Ambiri munati ndi vayirasi, ena munati ndiikenso Windows. Ndinaikadi pa imodzi koma sizinathandize.

Vuto linali kabatire. Lachitatu ndinalowa mu BIOS (pulogalamu imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke) ya kompyuta imodzi n'kupeza deti litabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Pa motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta, pamakhala kabatire kozungulira ngati khobidi, CR2032, ka mavolti 3, kamene kamayendetsa wotchi makina akazima. Nditakayeza ndi multimeter, chipangizo choyezera magetsi, kanali pansi pa mavolti 2. Ife timazimitsa magetsi onse a mu labu madzulo, ndiye usiku wonse wotchi imadalira kabatire komweko. Deti likabwerera chonchi, satifiketi ya HTTPS (njira yotetezedwa yotsegulira masamba) imaoneka ngati nthawi yake sinakwane. N'chifukwa chakenso ophunzira ena ankalephera kulowa ndi akaunti zawo, poti Kerberos, dongosolo lotsimikizira olowa pa netiweki, salola kuti nthawi isiyane kupitirira mphindi 5.

Ndasintha mabatire 14. Fumbi lake m'katimo, ndinatsokomola mpaka madzulo. Chomwe chinandikhudza ndi mtsikana wina wa chaka chachinayi amene masiku atatu onse ankaganiza kuti ndi iye akuononga makina, moti ankaopa kutiuza. Dzulo watumiza ripoti lake bwinobwino.

Kwatsala makompyuta awiri amene kogwirira batire kanathyoka. Amenewo ndiwotcherera Lolemba.