Thandizeni pa subjuntivo ya Chisipanishi, mutu wayima

Abale ndili ku Valencia chaka chachiwiri chino, ndikukonzekera mayeso a Chisipanishi a DELE B1 koma chinthu akuchitcha presente de subjuntivo chandizunguza zedi. Hablar (kuyankhula) ndimaidziwa bhobho, hablo hablas habla, ndiye dzulo ndalemba quiero que hablas pofuna kunena kuti ndikufuna kuti uyankhule, aphunzitsi akhwatcha ndi bolopeni yofiira akuti ndi hables, ine kudabwa kuti a uja walowera kuti. Kufika pa comer (kudya) akutinso que comas, pomwe panali e pabwera a. Ndiye ndiloweze verebu iliyonse payokhapayokha kapena pali kanjira kachidule? Amene munadutsamo ndigawireniko nzeru chonde.

— Achimwene musadzivutitse ndi kuloweza. Tengani ya yo (ine) ija, hablo, chotsani o. Ikakhala ya -ar ikani e: hable, hables, hable, hablemos, habléis, hablen. Za -er ndi -ir zimatenga a: coma, comas, coma, comamos, comáis, coman, vivir nayo viva vivas choncho. Zimangosinthana malaya basi, ndipo yo ndi él (iye) zimafanana.

— Koma inu mukuiopa chani poti kwathu timaiyankhula daily? Mumati ndikufuna kuti ubwera ngati? Ayi, mumati ubwere. Bwera, ubwere. Habla, hable. Ine nditazindikira zimenezi ndinaseka ndekha mu basi, paliponse pomwe Chichewa chikuti kuti adye, kuti apite, pofuna kapena popempha, kawirikawiri Chisipanishi chimafunanso subjuntivo pamenepo. Koma ngati wofuna ndi wochita ndi inu nomwe musaivute, quiero hablar yakwana.

— Ine ndinaphunzira ku Cuba, habléis ameneyo sitinkamugwiritsa ntchito ndi komwe, kumeneko ndi ustedes hablen, koma poti muli ku Spain mudziweni ndithu ndipo kakachizindikiro ka pa é musakaiwale. Samalaninso sipelo, buscar imakhala busque, llegar llegue, mukalemba busce mwasintha katchulidwe.

— Zikomo nonse, ya ubwere ija yanditsegula maso eti. Nanga creo que habla (ndikukhulupirira kuti amayankhula) bwanji ilibe e?

— Chifukwa pamenepo mukunena zomwe mukukhulupirira kuti ndi zoona asisi. Mukakana ndiye imatulukira, no creo que hable.

— Kkkk ndine bambo koma zamveka. Nanga cuando llegues (ukafika) uja ndimamuona mu ma meseji a anzanga akuntchito, nayenso ndi wa banja lomweli?