Andisankha wapampando wa mphakati koma ndimasuta: kodi kwathu ku Katolika fodya ndi tchimo?

Mmisiri wa ku 25:

Moni nonse. Ndakhala nthawi yaitali ndikungowerenga za anzanga pano, lero nane ndabwera ndi langa.

Ndine bambo wa zaka 46, ndimapala matabwa ku Area 25 kuno ku Lilongwe, kwathu ndi ku Kasungu. Chikatolika n'chobadwa nacho, ukwati tinadalitsa pa guwa mu 2006. Fodya ndinayambira m'chigafa cha malemu bambo anga ndili ndi zaka 17. Nyengo yosoka fodya tinkagwira mpaka usiku, ndiye anyamata aganyu ankapichira chingambwe papepala la kope n'kumati chimathamangitsa tulo ndi njala. Ndinalawa, ndinatsokomola mpaka misozi, mawa lake ndinalawanso. Pano zaka zakwana 29. Chingambwe ndinachisiya nditabwera m'tauni, masiku ano ndi ndudu za pa hokala, 8 kapena 10 patsiku, kasitomala akandizunguza mutu zimapitirira.

Chandilembetsa n'chakuti Lamulungu lapitali a mumphakati wathu andisankha kukhala wapampando. Sindinapemphe. Titamaliza pemphero lotsekera, mayi ena achikulire a m'bungwe la amayi, omwe ndimawalemekeza ngati ondibala, anandiitanira kuseri kwa nyumba n'kunena kuti: "Bambo, takusankhani ndi mtima umodzi, koma fungoli muliganizire. Wotsogolera Mawu a Mulungu asamanunkhe tchimo." Ndinangoti zikomo amayi. Koma liwu lakuti tchimo lija landisowetsa tulo.

Mayi akunyumba anakulira ku Seventh Day, analowa Chikatolika pa ukwati wathu. Iwo akuti palibe chofunsa apa, kwawo munthu sabatizidwa asanalonjeze kusiya fodya. Ine ndinakula ndikuona agogo akufwenkha fodya wamphuno panja pa tchalitchi Misa itangotha, kolona ili m'khosi, palibe amene ankawanena. Zaka zonsezi sindinatchulepo fodya pa kulapa, sindinkamuwerengera ngati tchimo.

Ndiye odziwa ndithandizeni. Ndi tchimo kapena ayi? Ngati ndi tchimo, ndi lalikulu loti Ukaristia yonse ndakhala ndikulandira ija ndinkalandira mosayenera? Nanga ndudu ya m'mawa ndisanapite ku Misa yoyamba imaswa kusala kuja? Upampandowu ndiubweze?

Katekisiti wopuma:

Bambo, poyamba mtima ukhale m'malo. Ukaristia munalandira ija simunalandire mosayenera chifukwa cha ndudu.

Mpingo wathu ulibe lamulo lonena kuti kusuta pakokha ndi tchimo. Mu Katekisimu wamkulu uja anatulutsa Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1992, fodya amatchulidwa pa nambala 2290, pansi pa lamulo lachisanu lakuti usaphe. Ndinene m'mawu anga: khalidwe la kudziletsa limatithandiza kupewa kupyola muyeso pa chakudya, mowa, fodya ndi mankhwala. Taonani kuti fodya wamuika mzere umodzi ndi nsima. Choletsedwa ndi kupyola muyeso. Nambala yotsatira, 2291, ndiyo yokamba za mankhwala ozunguza bongo, ndipo pamenepo mawu ake ndi olimba, akuti n'kulakwa kwakukulu. Mpingo unasiyanitsa dala ziwirizi.

Koma musathamangire kukayatsa ina. Bwererani pang'ono pa 2288: moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu anatisungitsa, tiyenera kuzisamala mwanzeru. Ndudu 10 patsiku kwa zaka 29, inu nomwe ndi chikumbumtima chanu mutiuze ngati umenewo ndi muyeso.

Za tchimo lalikulu, pamafunika zitatu pamodzi: nkhaniyo ikhale yaikulu, munthu adziwe bwino lomwe, ndipo achite mwakufuna kwake kwathunthu. Zili pa 1857. Inu mwanena nokha kuti simunkadziwa. Komanso 1735 imati chizolowezi chimachepetsa mlandu wa munthu. Munayamba muli mwana wa zaka 17, wotopa, m'chigafa. Mulungu amaziona zimenezo.

Kusala kwa ola limodzi tisanalandire Ukaristia, lamulo la Mpingo nambala 919 limanena za chakudya ndi chakumwa, kupatula madzi ndi mankhwala. Utsi sunatchulidwe. Komabe ine ana anga a kalasi ndinkawauza kuti ukamapita kukaonana ndi mfumu sufunsa kuti chochepetsetsa chimene ndingachite n'chiyani.

Upampando musabweze. Amayi ajanso musawakwiyire, mwina analakwitsa liwu, koma mphuno yawo sinalakwe.

Mlongo wa Sabata:

Pepani ndalowerera za eni. 1 Akorinto 6:19, thupi lanu ndi kachisi wa Mzimu Woyera. Mungayatse moto wa zinyalala m'kati mwa tchalitchi chanu? Ine ndaima pomwepo. Manambala enawo ndi njira yozembera basi.

Namwino wa ku mishoni:

A Katekisiti, ndi ulemu wonse, mwayankha bwino ngati mphunzitsi, koma mwawasisita kwambiri achimwenewa. Ine ndine Mkatolika, wa m'bungwe la Legio ya Maria, ndipo ndagwira ntchito m'wodi ya amuna zaka 18. Ndikufunseni: muyeso wa fodya ndi uti? Nsima ili ndi muyeso chifukwa thupi limaifuna. Ndudu ngakhale imodzi patsiku imaononga mitsempha ya mtima. Makolo athu sankadziwa, agogo anu a fodya wamphuno aja sankadziwa. Koma chiyambire 1964, pamene mkulu wa zaumoyo ku America anatulutsa lipoti lotsimikiza kuti ndudu zimayambitsa khansa ya m'mapapo, nkhani yoti sitikudziwa inatha. Kuno kwathu onjezeraniponso chifuwa chachikulu: wosuta chimamugwira msanga, ndipo amavuta kuchira. Ndawaona abambo akumwa mankhwala a TB m'mawa, madzulo ali kuseri kwa chimbudzi cha wodi akusuta.

Ku Vatican komwe anasintha. Mu 2002 analetsa kusuta m'maofesi ndi m'malo otsekeka. Kenako Papa Fransisko analamula kuti kuyambira 2018 ndudu zisagulitsidwenso m'sitolo za kumeneko, ngakhale zinkabweretsa ndalama zambiri. Mneneri wawo Greg Burke anafotokoza kuti Likulu la Mpingo silingathandizire chinthu chimene chikuononga thanzi la anthu poyera, ndipo anatchula chiwerengero cha WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, cha anthu oposa 7 miliyoni omwalira chifukwa cha fodya chaka chilichonse. Sananene kuti wosuta aliyense ali mu tchimo lalikulu, zoona. Koma bambo akachotsa chinthu m'nyumba, mwana wanzeru safunsa kuti mwalemba pati kuti n'choletsedwa.

Achimwene, mwatiuza zambiri koma ziwiri mwabisa. Mumasutira kuti? Ndipo m'nyumbamo muli ana? Lamulo lachisanu silinena za mapapo anu okha.

Wothawa ku seminale:

Hahaha a Namwino mwalasa. Ine ndingowonjezera mbiri pang'ono, poti zaka zitatu ndinakhala kuseminale zija zisapite pachabe.

Nkhani ya fodya mu Mpingo si ya lero. Mu 1642 Papa Urban VIII analemba kalata yoletsa kusuta, kutafuna kapena kufwenkha fodya m'matchalitchi a ku Seville, dziko la Spain, ndipo wolakwira ankachotsedwa mu Mpingo. Chifukwa chake? Anthu, ansembe omwe, ankachita zimenezi Misa ili m'kati, mpaka kudetsa nsalu za pa guwa. Mu 1650 Papa Innocent X anaikanso chiletso chotere pa tchalitchi cha Petro Woyera ku Roma, ndipo Benedict XIII anadzachichotsa mu 1725. Ndiye kuti chimene ankateteza ndi ulemu wa nyumba ya Mulungu. Ziletsozo sizinkanena za mapapo.

Ndipo a Mlongo wa Sabata mundikhululukire, kumwamba kuli osuta. Pier Giorgio Frassati, mnyamata wa ku Turin amene anamwalira ndi poliyo mu 1925 ali ndi zaka 24, pali chithunzi chake chotchuka ali pamwamba pa phiri kaliwo ali kukamwa. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala woyera pa 7 September 2025, tsiku limodzi ndi Carlo Acutis. Sanayere chifukwa cha kaliwo, anayera chifukwa ndalama yake ya sitima ankapatsa osauka iye n'kuyenda pansi. Koma kaliwoyo sanamutsekere khomo. (Kunena chilungamo, mu 1925 lipoti la a Namwino lija linali lisanatuluke.)

Chimene chimandiseketsa ine ndi ichi. Amayi anakunenani aja, ngati kwawo ndi ku Kasungu, Dowa kapena Mchinji, afunseni kuti malata a tchalitchi cha kumudzi kwawo anagulidwa ndi ndalama yanji. Mtulo ndi masika zimayenda bwino mabelo akagulidwa ku misika ya fodya ya Chinkhoma ndi Kanengo, ansembe onse a m'madera amenewo amadziwa. Dziko lathu linavomereza pangano la WHO lochepetsa fodya mu 2023 mokha, mochedwa kwambiri, chifukwa ndalama zakunja timazipeza m'tsamba lomweli. Ndiye tisamanyoze wosuta uku tikuvinira chopereka cha wolima. Ndipo ngati tikusaka tchimo lenileni m'fodya, ine ndikulozerani: tenanti amene wagwira chaka chathunthu ndi mkazi ndi ana ake, pomaliza bwana n'kumuuza kuti ngongole ya chimanga ndi feteleza yadya zonse. Limenelo Katekisimu saliyankhula mozungulira, pa 1867 lili m'gulu la machimo ofuula kumwamba, kumana wantchito malipiro ake. Koma sindinamvepo munthu akukokeredwa kuseri kwa nyumba chifukwa cha limenelo.

Katekisiti wopuma:

Mwana wanga wa kuseminale, za matenanti wanena zoona, koma tchimo la mnzako silichapa lako. Tibwerere kwa bambowa. A Namwino afunsa funso, tidikire yankho.

Mmisiri wa ku 25:

Pepani ndinasowa masiku asanu. Funso la a Namwino linandikhala pakhosi ngati fupa la usipa, ndinkatsegula foni n'kutsekanso.

Ana alipo atatu. Wotsiriza ndi mtsikana wa zaka 9, ndipo ali ndi mphumu. Sindinalembe poyamba paja, ndipo ndikudziwa chifukwa chake sindinalembe. M'nyumba sindisutiramo, zimenezo mayi akunyumba anathana nazo kalekale. Ndimasutira pakhonde usiku tikatha kudya. Koma khondelo lili pansi penipeni pa zenera la chipinda cha ana, ndipo galasi limodzi linasweka chaka chatha, ndinangotsekapo ndi katoni. Mmisiri wa matabwa, zenera la ana ake lili ndi katoni. Mwezi wa June mwanayu tinathamanga naye kuchipatala kawiri usiku akubanika, adokotala anafunsa ngati pali wosuta pakhomo, ine ndinayankha kuti ndimasutira panja. Sindinaname, koma sindinanenenso zoona.

Ndinatenganso pensulo yanga ya kuntchito n'kuwerengera pa thabwa. Pa hokala yathu ndudu ndimagula K200 imodzi. Zikakhala 10 ndi K2,000 patsiku, pamwezi K60,000. Teremu yathayi mnyamata wanga wa Fomu 2 anabwezedwa kusukulu sabata yathunthu chifukwa cha balansi ya K45,000, ine n'kumakalipa kuti makasitomala sakulipira.

Loweruka ndinapita kukalapa. Ndinayamba ndi manambala anu aja a Katekisiti, 2290 ndi anzake, ngati loya. Bambo mfumu anandidula mwaulemu. Sanafunse kuti ndimasuta zingati. Anafunsa kuti ndani wina amene akulipira fodya wangayo. Ndinakhala chete nthawi yaitali mpaka amene anali pamzere panja ayenera kuti ankaganiza kuti ndapha munthu. Zimene ndinalapa pamapeto pake si utsi ayi, ndi katoni ija, yankho lija ndinapatsa adokotala, ndi sabata imene mwana anakhala pakhomo.

A Wothawa ku seminale, nkhani ya woyera wa kaliwo inandisangalatsa, ndinawawerengera mayi akunyumba. Anangoti, "Ameneyo analibe mwana wa mphumu." Za matenanti ndisayankhe, bambo anga anali nawo awiri ochokera ku Mulanje, ndipo mmene ankawerengera pa mapeto a chaka ndimakumbukira.

Sindinasiye, ndisakunamizeni. Galasi ndaika Lolemba. Pakhonde sindikusutiranso, ndikumapita kumsewu, ndipo poti kumsewu usiku kuli agalu a aneba, ya usiku yafa yokha. Ndatsika kufika pa 4. Upampando ndausunga, ndipo amayi aja ndinawauza kuti Lachitatu la Phulusa likafika adzandifunse pamaso pa mphakati wonse kuti zili pati. Anaseka, akuti adzafunsadi.

A Namwino, imene yandikanika ndi ya m'mawa, ija ya pambuyo pa tiyi ndisanagwire chipalo. Ndikaidumpha manja amanjenjemera ndipo dzulo ndinalakwitsa muyeso wa chitseko cha kasitomala ndi mainchesi awiri. Kunjenjemeraku kumatha pakapita masiku angati? Ndipo zomata pakhungu zija ndimamva zimathandiza kusiya, kuno zimapezeka m'mafamase kapena mpaka kuitanitsa kwa achibale a ku Joni?